Basera m'kabotolo kofiira

Lolemba

Felista wayambanso nkhani yake ija. Kachitatu mwezi uno. Akuti nditseke nyumba ino ya ku Ndirande ndikakhale kwa iye ku Kanjedza. "Ababa, mwakula. Amayi kulibe. Mukadwala adziwa ndani?"

Ine kudwala! Chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Kolera itabwera kuno inalowa nyumba ya kumanja, inalowa ya kumanzere, pano inangosuzumira n'kupitirira.

Nyumba ino njerwa zake tinaumba tokha, ine ndi malemu mayi ake. Ku Kanjedza kuli chiyani? Mpanda, geti, galu. Anthu ake moni amapatsana ndi hutala ya galimoto.

Mwana ndi yekhayu. Ndamuphunzitsa ndi mafuta ophikira ndi palafini amene ndayeza mumsika zaka makumi anayi. Lero amavala choyera, amagwira ntchito ku labu kufupi ndi chipatala chachikulu. Ine pakhomo pa sukulu sindinapondepo. Zilembo ndinatola pa zigubu za mafuta ndi m'buku la nyimbo, ndipo zimandikwanira.

Koma lero wadzikola yekha. Akumwa tiyi wangotchula kuti ku labu kwawo akusowa akuluakulu athanzi oti apereke magazi pang'ono. Akuti amapatula madzi a m'magazi, iwo amati seramu, n'kuthiramo tizilombo toyambitsa matenda, kenako n'kuona ngati madziwo atipha. A anthu ena amapha, a ena sapha.

Ndaika kapu pansi. Ndati tenga anga. Akapha tizilombo takoto, nkhani ya Kanjedza ithere pomwepo. Akalephera, ndinyamule.

"Ababa, sizimayenda choncho."

Ndati ukuopa eti? Waseka, wagwedeza mutu. "Chabwino." Wanena yekha ndi pakamwa pake. Ndalemba pano kuti asadzakane.

Za mawa:
- kumeta
- jekete ya kutchalitchi
- nsapato zakuda zija, ngakhale zimaluma

A Zuze, anansi anga a ku Nsanje, amva zonse kudzera pampanda. Akuti nawonso apita, chifukwa amva kuti wopereka magazi amapatsidwa chakumwa chozizira ndi banzi. Munthu woti kachasu ndiye tiyi wake! Apite. Pafunika wina woyerekezera naye.

Lachiwiri

Minibasi. Mu mpando wa anthu atatu takhala anayi ndi theka, thekalo ndi a Zuze.

Ku labu kukuzizira ngati mufiriji ya pabutchala. Felista wangotilonjera n'kulowa mkati, akuti magazi a bambo ake satenga yekha. Watilandira namwino, mayi wa imvi pang'ono m'mbali, wofatsa. Watiwerengera fomu yonse, kenako wandikankhira inki kuti ndidinde chala. Ndamuyang'ana. Ndapempha cholembera. Ndalemba dzina langa lonse, pang'onopang'ono, kuti aone bwino.

Timabotolo tiwiri pa thireyi. Kena chitsekerero chofiira, kena chapepo. Kofiira ndiye ka nkhondo ya tizilombo ija. Kapepo akuti n'kowerengera za m'magazi, kaya amawerenga chiyani.

Jakisoni walowa. Wayamba ndi kofiira. Magazi akutuluka mwaulesi, dontho, dontho, afika pansi pa theka n'kuima. "Akwana amenewa, agogo." Wasintha, waika kapepo, wanditembenuza mkono pang'ono, ndiye magazi akhamukira mpaka kukhosi kwa botolo. Magazi opanda nzeru! Kukhamukira kosayenera.

Pomwepo kuseri kwa katani kwamveka phu! A Zuze aona jakisoni wawo, akomoka. Namwino wathamangira kumeneko.

Ndatsala ndekha ndi timabotolo tanga. Kena kodzaza, kena kanjala.

Zaka makumi anayi sindinapatsepo kasitomala botolo loperewera. Afunse mumsika monse. Botolo limafika pamzere, kenako basera pamwamba pake. Ndiye lero kabotolo kolembedwa dzina langa kalowe mkatimo kali theka, anzake a Felista aziti mdala uja magazi anamuthera?

Ndazula zitsekerero zonse ziwiri. Ndathira kuchokera mu kapepo kupita mu kofiira. Popanda fanelo! Osataya ngakhale dontho limodzi! Ndakweza m'mwamba, ndayang'ana pa kuwala kwa windo. Tafanana ndendende. Ndatseka, ndabwezera pathireyi, ndapinda mkono ngati mmene anandisiyira.

Magazi ndi amodzi, mkono ndi umodzi, ola ndi limodzi. Ndangowathandiza ntchito.

A Zuze adzuka, apereka awo atatseka maso, adya banzi lawo ndi langa lomwe.

Lachitatu

Kudikira.

Ndasungunula laimu, ndapaka khoma lakumaso. Munthu wosamuka sapaka laimu. Odutsa aone.

Masana foni. Felista akuti magazi a m'kabotolo kofiira amayenera kuundana okha, madzi aja n'kuyandama pamwamba, achikasu ngati mafuta ophikira. "Koma anu sanaundane bwinobwino. Tachita kuwazunguza m'makina kuti apatuke."

Ehe! Magazi oundana ndi a mbuzi yophedwa. Anga akukana kufa ngakhale ali m'botolo. Ndamuuza choncho. Wangoti mmm.

Ndamufunsa kuti madzi wamba amapha bwanji chinthu chamoyo. Akuti si madzi wamba. Muli tinthu tosaoneka, iye akuti nditenge ngati asilikali. Kachilombo kakalowa, woyamba amakagwira n'kudzutsa wachiwiri, wachiwiri wachitatu, mpaka omaliza amaboola khungu la kachilomboko n'kukaphulitsa. Lero athira tizilombo mu seramu wanga, adikira, kenako apaka pa kambale kokhala ndi chakudya cha tizilombo. Mawa awerenga totsala.

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali ndikuyang'ana mkono wanga. Zaka zonsezi muli nkhondo m'menemu, ine osauzidwa. Ndikuyeza palafini iwo akumenyana. Ndikuika maliro a mkazi wanga iwo ali pantchito. Sindinawathokozepo, sanadandaulepo.

Madzulo ku bawo pansi pa mtengo wa mango. Ndauza onse. Mwina ndawonjezera pang'ono, ndati madokotala aitanizana kudzaona magazi okana kuundana. Wina akuti ndimugaireko kapu imodzi ya apongozi ake.

A Zuze akungosisita pomwe anabayidwa.

Lachinayi

Felista sanaimbe foni. Wabwera yekha, nthawi ya ntchito, atavala choyera chake mkati mwa juzi.

Wandionetsa chithunzi pafoni. Timbale tiwiri. Kakumanzere n'koyera, timadontho titatu tokha. Kakumanja kadzaza, timadontho tothithikana ngati nyerere pa shuga wotayika. Dontho lililonse ndi kachilombo kamene kapulumuka n'kuswana.

Ndaloza koyerako. Ndati aka.

"Ako ndi ka a Zuze."

Ndati yang'ana bwino. Wakulitsa chithunzi ndi zala. Nambala yanga ili pa kanyerere.

Palibe chimene chafa. Akuti tizilombo tachita kuchuluka kuposa mmene anatithirira. Tadya, tasamba, takwatirana, m'magazi anga.

Ndimayembekeza kuti anena za Kanjedza. Ndinakonzeka kale zoyankha. Koma sanatchule. Waika foni m'thumba. "Ababa, a munthu wathanzi sachita chonchi. Pali chimene sitikuchidziwa. Mukufunika kuyezedwa zambiri." Wandigwira pachipumi ngati ndine khanda. Wandifunsa ngati ndimatuluka thukuta, ngati ndaonda, ngati ndimatopa. Ndati ayi, ayi, ayi. Sanakhulupirire ngakhale ayi mmodzi.

Atapita, a Zuze atulukira pampanda. Amva. Amamva zonse.

"Achimwene, musadandaule. Mukaona kachilombo mungondiitana."

Avina pabwalo langa, pafupi ndi khoma langa la laimu.

Ku bawo sindinapite. Mwendo.

Mayi a Felista nawonso ankaoneka bwinobwino. Ankachapa, ankaimba, ankakalipa. Zinali mkati, zikuyenda mwakachetechete. Tinadziwa mochedwa. Ndi zimene mwanayu akuona akandiyang'ana, ndazindikira.

Nanga kolera ija inandilambalala chifukwa chiyani? Mwina sinandione chabe.

Lachisanu

Sindingangokhala. Chigubu chikachucha umachimata. Magaziwa ndikawalimbitsa, akatenge ena, tione.

Mumsika aliyense ndi dokotala. Zimene ndabwera nazo:
- masamba a mapeyala, owiritsa mpaka madzi afiire
- chidede
- chiwindi cha ng'ombe, chosapsetsa
- bonongwe mitolo iwiri
- misomali itatu yadzimbiri

Misomali ndi nzeru ya mayi wogulitsa chiwindi. Akuti pawailesi amanena kuti magazi amafuna ayironi, ndipo ayironi ndi chitsulo basi. Zomveka. Ndaiwiritsa muketulo. Madzi ake akukoma ngati kunyambita geti. Makapu awiri.

Felista wandipeza ndikusefa kapu yachitatu. Wayang'ana muketulo. Watseka maso.

"Ababa, chitsulo ndi ndiwo za tizilombo! Thupi limachita kuchibisa dala, kuchimanga kuti tizilomboto tisachipeze. Inu mukutiphikira phwando?"

Ndati nanga wailesi? Akuti wailesi imanena za anthu ochepa magazi, ndipo sinanenepo za misomali. Wakhuthula ketulo m'ngalande. Misomali waika m'chikwama chake ngati walanda mpeni kwa mwana.

Ndiye taonani. Chitsulo chikachepa, udwala. Chikachuluka, wadyetsa adani. Thupi limayeza lokha, silisowa fanelo, silisowa mzere. Ine ndimadziyesa katswiri wa muyezo, kumeneku ndimagona ndi mkulu wanga osamudziwa.

Wabweretsa makatoni asanu opinda. Wangowatsitsa. Ndati akhale pakhonde, m'nyumba salowa. Wavomera. Maso ake ndi otupa.

Madzulo m'mimba mwayamba kuyankha. Maulendo asanu ndi limodzi kuseri. Chiwindi, chidede kapena misomali, wolakwa sindikumudziwa. Ulendo wachinayi a Zuze afuula pampanda kuti asilikali awo ali pa tchuthi, atha kubwereka.

Ketulo yawonongeka. Tiyi akununkha njanji.

Loweruka

Felista wafika m'mamawa ndikusesa. Wathamanga kuchokera pamsewu, pepala lili m'manja, akuseka ndi misozi yomwe.

"Ababa, si inu! Si magazi anu! Ndi botolo!"

Ndamukhazika pansi. Akuti chamuvutitsa ndi kusaundana kuja. Dzulo anatenga seramu wotsala n'kukayezetsa mchere wa m'kati mwake. Kashiamu, uja wa m'mafupa, sakupezekamo. Wina wotchedwa potaziyamu wachuluka moti munthu wa magazi otere sangakhale pakhonde akusesa, anaikidwa kale. Ndiye kuti mu kabotolo kofiira munalowa mankhwala a mu kapepo.

Tsache landigwa.

Ndati mankhwala ati? Munalibe kanthu, ndinaona ndi maso anga. Kenako ndakhosomola. Ndati ndikutanthauza kuti ndinaona patali.

Akuti saoneka, amawaza pang'ono m'makoma a botolo n'kuuma. Ntchito yake ndi kugwira tizitsulo ta m'magazi, kashiamu ndi mnzake maginiziyamu. Amatipana ngati nkhanu, osatayanso. Amawaika dala kuti magazi asaundane, owerenga awerenge bwino. Koma asilikali aja sangadzutsane popanda tizitsulo tiwiriti. Woyamba sagwira ntchito, wachiwiri sadzuka, mzere wonse umangogona. Alipo onse, amoyo, koma kachilombo kamadutsa pakati pawo kakuimba mluzu.

Ndati ngati nyali yodzaza palafini, chingwe chatsopano, koma wina wabisa machesi. Wandiyang'ana. "Ndi zomwezo. Ndidzawauza ana asukulu choncho."

Tsiku lina ndikanauza bawo yonse mawu amenewa.

Kenako nkhope yake yasintha. Akuti chomvetsa chisoni ndi namwino uja. Ndiye yekha amene anagwira timabotolo. Lolemba akayankha kwa mabwana. Magazi onse amene anatenga tsiku lija, a anthu onse, atayidwa, chifukwa sakudziwa kuti analakwitsa pangati. "Mayi uja wagwira ntchito nthawi yaitali osalakwitsapo. Akulira, akuti sakumvetsa."

Ndati m'mimba. Ndapita kuseri. Ndatseka chitseko, ndangoima.

Ndikakhala chete:
- magazi anga ayera
- a Zuze atseka pakamwa
- makatoni abwerera
- nyumba ndi yanga

Ndikalankhula, mwana wanga adziwa kuti bambo ake amene amati safuna woyang'anira anasiyidwa okha kamphindi kamodzi.

Ndaima mpaka ntchentche zandizolowera. Ndikungoona mayi uja akundiwerengera fomu pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, osandithamangitsa.

Ndatuluka. Ndati Felista, kofiira kaja kanali koperewera.

Waika pepala pansi.

Ndati ndinangoikamo basera.

"Munatsegula?"

Ndati inde.

"Tonse tiwiri?"

Ndati sindinataye ngakhale dontho.

Wakhala pa katoni imene a Zuze anaiumba dzulo kuti aone kukula kwake. Katoni yaphwanyika. Ali pansi pomwepo wayamba kuseka, kuseka kosatulutsa mawu, mapewa okha. Kenako kusekako kwatha.

"Masiku awiri ndakhala ndikukuikani m'manda, ababa. Ndinafika posankha nyimbo."

Ndatola tsache.

Waimbira namwino pomwepo, ine ndikumva. Wandipatsa foni. Ndati mayi, ndi ine gogo wa cholembera uja, ndinalakwa ndine. Namwino akuti, "Agogo, munathira bwanji osadetsa thireyi?" Ndamufotokozera. Umapendeketsa botolo lolandira, osati lothira lokha. Lolemba ndikapepesa pamaso, ndi jekete.

Ndati kwa Felista, tsono akatenge ena, tiyambirenso. Wakana. Akuti zonse azilemba mu lipoti, ndipo dzina langa alichotsa pa kafukufuku. Wotsegula mabotolo samuitananso.

Ndati ndiye amapha kapena sapha?

"Sindikudziwa, ababa. Mwina amapha."

Mwina!

A Zuze sanaseke. Anali pampanda nthawi yonseyi. Angoti, "Achimwene, ine ndikanakhala chete," n'kulowa m'nyumba mwawo.

Lamulungu

Tchalitchi. Ulaliki sindinaumve. Ndimayang'ana makosi a anthu a kutsogolo, aliyense ndi nkhondo yake m'kati, aliyense osadziwa kuti ikuyenda bwanji.

Pangano lija lafa lokha. Sanapambane Felista, sindinapambane ine. Dzulo pochoka sanatchule Kanjedza. Makatoni sanatenge, sanandiuzenso kuti ndilongedze. Wangoti ndimwe madzi ambiri, ndisawiritse chilichonse cha ku hadiweya.

Ndikanatha kukhala. Palibe akundikakamiza. Khoma layera bwino.

Koma pali zimene sindinalembe m'buku lino, chifukwa ukalemba chinthu chimakhala chachitikadi. Ndilembe.

Mwezi watha ndinagwa m'bafa. Kawiri. Koyamba ndinadzuka msanga, ndinati ndi sopo. Kachiwiri kunalibe sopo. Mwendo unangochoka pansi panga. Ndinagona pa simenti yonyowa kuyambira dzuwa lili pa denga la a Zuze mpaka litafika pa langa. Ndimamva anthu akudutsa panjira, amayi a tomato, ana ochokera kusukulu. Kuitana ndikanaitana. Sindinafune andipeze chomwecho, wopanda chovala.

Zimenezi sizioneka pa kambale. Ngakhale asilikali anga akanapha tizilombo tonse ta mu Blantyre, sakanandidzutsa pa simenti paja. Ndimadziwa kuyambira Lolemba. Ndimafuna pepala loti linditsutse.

Ndipo nkhope imene anabwera nayo Lachinayi ija sindikufuna kuionanso ndili moyo.

Masana ndaitana a Zuze. Ndawaonetsa pomwe denga limadontha, ndi mmene loko wa kukhitchini amafunira kumukweza pang'ono asanatseguke. Aziyang'anira. Ndati nyumba sindikugulitsa, sindikubwereketsa, ndipo kachasu asalowe. Alumbira. Tiona.

Ndaumba katoni imodzi. Imodzi yokha. Ndaikamo buku la nyimbo, chithunzi cha mayi a Felista, ndi nsapato zoluma zija.

Ndamuimbira Felista. Ndati udzanditenge Loweruka, koma ndikungodzayesa, mvula ikatha ndibwerera. Sanafunse chifukwa. Kenako wafunsa ngati ndikufuna chipinda choyang'ana kumunda kapena choyang'ana kumsewu.

Ndati chakumsewu.